Buku Limene Ndinawerenga Pamaso pa Apongozi

Ine kuwerenga ndinakuphunzira ndevu zili kale pachibwano. Ndili mwana sindinapondepo m'kalasi, chifukwa bambo anga ankati sukulu ndi msampha wa Akhristu, umalowa ndi dzina lako n'kutuluka ndi lina. Zilembo ndinakazidziwira ku usilikali, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, pomwe sajeni wina ankatikhazika pamchenga n'kumatilozera a, e, i, o, u ndi kamtengo. Choncho kawerengedwe kanga kanali ka chala. Chala chikhale pansi pa liwu, pakamwa palitchule, kenako chala chisunthe. Maso anga sankatsogola ayi. Zomwe zili mumzere wotsatira ndinkazimva limodzi ndi ondimvetsera, ndipo nthawi zina iwo ankayamba kumva ine mwiniwake ndisanamve.

Nkhondo itatha ndinakwatira m'mudzi wina pafupi ndi Kachulu, n'kukhala pachikamwini. Munda unali wa akazi anga, malo omwe ndinamangapo nyumba anali a apongozi, ana obadwa anali a mbumba ya kuchikazi. Zanga zenizeni zinali bwato lothontha kumbuyo, miyono yotchera milamba, ndi jekete la kunkhondo lomwe ndinkavala ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Koma ndinali ndi chinthu chimodzi chomwe mudzi wonse unalibe. Amwalimu a pamzikiti ankawerenga Chiarabu, inde, koma pa zilembo za Chinyanja ndinali ndekha. Munthu akatola kapepala pamsewu wa ku Zomba ankabwera nako kwa ine. Ndiye mutu unakula, abale anga. Ndinkayenda ngati nyanja ya Chilwa ndinakumba ndine.

Mwana wathu woyamba anali mtsikana. Nthawi imene ndikunenayi, mkatikati mwa zaka za m'ma 1950, mano ake akutsogolo anali atangoguluka, moti ankalankhula mphepo ikutulukira pakati. Mwanayu anali ndi njala ya zilembo. Thumba la mchere likabwera ndi zolemba, iye ankakhala pansi n'kumazijambula padothi ndi chala, osadziwa n'komwe kuti zikuti chiyani. Kumtunda kwathu, kutsidya kwa dambo, kunali mudzi wa Alomwe achikhristu, ndipo kumeneko kunali kasukulu kofolera udzu. Ana ena ankadutsa m'mawa pafupi ndi kwathu, masileti ali m'khwapa. Mwana wanga ankawatsatira mpaka pamlatho wa mitengo wa padambo, n'kuima pomwepo kufikira atazimiririka.

Ndinkafuna kuti apite. Amake ankafunanso, ngakhale ankanena motsitsa mawu, tikakhala awiri. Koma mkamwini salamula mwana. Mwini mbumba anali mlongo wa akazi anga, alamu anga, amjomba ake a mwanayo, ndipo mawu otsiriza anali awo.

Musaganize kuti alamu anali munthu wovuta. Ayi ndithu. Anali munthu wa nthabwala, wogulitsa matemba ouma, amene ankapalasa njinga mpaka ku Songani dengu lili kumbuyo, n'kubwerako ndi nkhani zambiri kuposa katundu. Ine ndi iwo tinkagwirizana kwabasi. Nditawafotokozera za sukulu tili pagombe, anakanda mutu n'kunena kuti, "Alamu, ine sindikukana. Koma ine ndine wamalonda, sindigula nsomba ili m'madzi. Anthu amati kumeneko ana amadyetsedwa nkhumba, ena amati amawasintha mayina. Inu mumadziwa zilembo. Kabwerekeni mabuku awowo, mudzatiwerengere Lachisanu tikatuluka mumzikiti. Tikamva kuti mulibe choipa, mwana apite."

Ndinaona kuti nkhani yatha kale. Kuwerenga? Ine?

M'mawa mwake ndinavala jekete langa n'kuwoloka dambo. Aphunzitsi a pasukulupo anali munthu wamfupi, wofatsa, wa choko m'zikhadabo. Atamva chomwe ndadzera anakondwa kwambiri, chifukwa ana a Asilamu sankabwera kawirikawiri, atsikana ndiye osanena. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabuku kopyapyala, kothimbirira m'makona, ka zilembo zikuluzikulu ndi zithunzi. Anati ndi kamene oyamba amawerenga akangodziwa zilembo.

Ndinakatembenuza m'manja. Munali nkhani ya mbuzi yomwe inamva kuti mbuye wake akufuna kuigulitsa, ndiye inathawa n'kukakwera sitima. Mbuzi, kukwera sitima! Mtima wanga unagwa. Ndikaime pamaso pa akuluakulu a mudzi, ine msilikali, n'kumawerenga za mbuzi?

Pathebulo lawo ndinaona buku lina, lonenepa, la chikuto cholimba chobiriwira. Ndinafunsa kuti nanga ilo. Aphunzitsi anati, "Limenelo si la sukulu, bambo. Ndi la akazi anga, anawapatsa kuchipatala pomwe ankaphunzira zothandiza amayi anzawo. Muli za ukhondo ndi za matenda. Si la ana." Ine ndinakakamira. Ndinati ndikungofuna kudziwerengera ndekha kunyumba. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anandipatsa pamodzi ndi kabuku kaja, n'kubwereza kuti, "Koma si la ana."

Masiku otsala Lachisanu lisanafike, madzulo aliwonse ndikabwera kunyanja, mwana wanga ankandidikira pakhonde kabuku kali pamiyendo. Ndinkamuwerengera pang'onopang'ono, iye akutsatira chala changa ndi chake. Mbuzi inabisala pansi pa mpando. Mbuzi inadya chipewa cha woyang'anira matikiti. Mwanayo ankaseka mpaka kugubuduka pamkeka, ndipo amake, omwe ankadziyesa kuti akupeta mpunga, lichero linkaima m'manja. Titatsala ndi masamba ochepa kumapeto, ine ndinatseka kabukuko. Ndinamuuza kuti, "Kotsalaku sindikuwerengera. Ngati mbuzi inafika kapena inagwidwa, ukadziwerengere wekha kusukulu." Anadandaula, koma anavomera, ndipo ankangogwira masamba otsalawo ndi zala ziwiri osawatsegula.

Buku lalikulu lija ndinkaliwerenga ndekha m'bwato, podikira miyono. Linali lolemera pakamwa. Ndinadutsa za ntchentche, za madzi akumwa, za zimbudzi, za likodzo, mpaka ndinatopa. Kutsogoloko sindinafike. Ndinati zonse ndi zomwezomwezi.

Lachisanu linafika. Ndinkayembekeza alamu ndi anthu awiri atatu, koma mbiri inali itayenda. Titatuluka mumzikiti, pafupifupi mudzi wonse unatsatira mpaka pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo la apongozi. Amuna anakhala mbali imodzi, ena akusoka maukonde. Amayi anayala mikeka chapatali pang'ono, ana ali mbwee paliponse. Apongozi anga aakazi anakhala kuseri kwa mpanda wa bango, chifukwa ine ndi iwo sitinkaonana maso ndi maso. Chikwatirireni, tikakumana panjira mmodzi ankapatukira kutchire. Ndinkangoona nsonga ya mpango wawo pamwamba pa bango. Mwana wanga amake anali atamusambitsa, atamudzoza mafuta a nsatsi mpaka chipumi kung'anima, ndipo anakhala pambali panga atakumbatira kabuku kake.

Alamu anati, "Tiyambe ndi kakang'onoko."

Ndinayamba monyinyirika, koma nkhani inandithawa n'kuyenda yokha. Pofika pomwe mbuzi inadya chipewa, bwalo lonse linali pa phwete. Ndiye maganizo anayamba kutuluka, aliyense ndi ake. Amwalimu anati mbuzi siyankhula, limeneli ndi bodza, ndipo bodza lolembedwa limaposa bodza lapakamwa chifukwa silifa. Mkulu wina wosoka ukonde anawayankha kuti, "Amwalimu, bodza lomwe ngakhale mwana akudziwa kuti ndi bodza silipha munthu." Mayi wina anafuna kuona chithunzi, ndipo atachiona anadandaula kuti mbuziyo yaonda, mwini wake ndi wouma manja, inachita bwino kuthawa. Wina anafunsa ngati sitimayo ndi yomweyi imapita ku Limbe. Alamu ndiye anaseka mpaka misozi, akumenya ntchafu. Anati, "Ngati sukulu yake ndi imeneyi, mwana akhale, ndipita ndine!" Ngakhale kuseri kwa mpanda ndinamva kachifuwa ka munthu wobisa kuseka.

Nkhani inali itatheka pamenepo. Ndikanangotseka kabuku, kuthokoza, n'kupita kukaona miyono yanga. Akazi anga anandiyang'ana ndi maso onena kuti basi, zakwana.

Koma panali mkamwini mnzanga, mwamuna wa mng'ono wawo wa akazi anga, amene sitinkamwerana madzi. Iyeyo anayankhula ngati akuyankhula ndi ukonde wake. Anati, "Ha! Munthu kuwoloka nyanja zamchere, kuvala jekete, kubwera kudzatiwerengera za mbuzi. Ndiye kuphunzira kwakeko n'kumeneku?" Anthu anaseka. Sikunali kuseka koipa, koma ine kunandilowa ngati munga wa mlamba.

Ndinapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa buku lobiriwira lija. Akazi anga anatsokomola. Ndinamva, koma ndinadziyesa wogontha. Ndinaliimika m'mwamba kuti onse aone kunenepa kwake, ndipo ndinanena mawu omwe mpaka lero ndikawakumbukira ndimatseka maso. Ndinati, "Kambuzi aka n'kongoyambira. Sukulu yeniyeni ndi iyi. Umu mulibe nthano, muli zoona zokhazokha, ndipo zimene mumve umu n'zimene mwana akaphunzire." Bodza lamkunkhuniza, aphunzitsi atandiuza kawiri konse.

Poyamba zinayenda bwino. Ndinawerenga kuti ntchentche imatera pauve kenako pachakudya. Onse anavomera, anati zimenezo n'zoona, ngakhale wakhungu amadziwa. Ndinawerenga kuti madzi akumwa aziwiritsidwa. Amayi anafunsa kuti nkhuni zake azitenga kuti kuno kodzaza bango, wolembayo abwere adzatole yekha. Ndinawerenga kuti kukodza magazi ndi matenda ochokera m'madzi oima. Apa amuna anatsutsa kwambiri, anati mnyamata aliyense wa m'mbali mwa Chilwa amadutsa momwemo, ndiko kukula kwake. Amwalimu, omwe aja anadana ndi mbuzi, bukuli analikonda. Anati, "Ili ndiye buku. Likunena za ukhondo ngati momwe chipembedzo chimanenera." Mkamwini mnzanga uja anangoweramira ukonde wake, ndipo ine mtima unali m'malo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinafika pomwe ndinalekezera m'bwato muja. Alamu anati, "Pitirizani, alamu, zikukoma." Ndinanyowetsa chala n'kutembenuza tsamba.

Mutu wake unali wonena za mayi woyembekezera. Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Koma mizere yoyamba inali ya zakudya, yakuti mayi wotere azidya mazira ndi nsomba, ndipo amayi anaseka n'kumati wolembayo sadziwa kuti mazira amabadwitsa mwana wopanda tsitsi. Kusekako kunandilimbitsa mtima. Chala chinapitirira, pakamwa panatsatira.

Kwa inu a masiku ano ndifotokoze. Kwathu kuno, nthawi imeneyo, za kubadwa kwa mwana sizinali nkhani ya amuna ngakhale pang'ono. Mayi nthawi yake ikakwana, amuna tinkathamangitsidwa, m'nyumba munkatsala azamba ndi anamkungwi, amayi aakulu olangiza atsikana. Ana ankauzidwa kuti khanda latoledwa kudambo. Mtsikana ankamva zina kunsondo, chinamwali chathu, ndipo zotsalazo ankauzidwa ali ndi mimba yoyamba, pamwambo wa amayi okhaokha. Ankalumbiritsidwa kuti zimenezi sadzauza mwamuna, ngakhale wake wa m'nyumba. Mkazi woulula ankayesedwa wopanda mwambo, ndipo anzake sankamuitananso kuchikuta kapena kunsondo mpaka imfa.

Mawu omwe ndinawerenga sindiwalemba pano. Bukulo linatchula chilichonse ndi dzina lake, mwatsatanetsatane, kuyambira pomwe matenda ayamba mpaka pomwe mchombo udulidwa. Ine maso anali pachala. Ndinkalimbana ndi mawu aatali, kuwadula pakati, kuwabwereza mokweza kuti amveke bwino. Kuwabwereza, abale! Ndinazindikira mochedwa kuti bwalo lazizira. Ukonde unaleka kusokedwa. Nditakweza mutu ndinaona amuna onse akuyang'ana pansi, amwalimu atatseka makutu ndi manja, mayi wina akukankha ana kuti, "Chokani! Tiyeni uko!" Kenako mawu omwe ndinali nditangotchula anabwerera m'makutu mwanga, ndipo ndinawamva koyamba.

Kalanga ine! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Thukuta linatsika m'jekete mpaka m'chiuno. Mwana wanga yekha ndi amene sanathamangitsidwe, chifukwa anali atakanirira mwendo wanga, akundiyang'ana kuti ndipitirize.

Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a apongozi. Sanayankhule kwa ine, anayankhula kwa mwana wawo, alamu aja. Anati, "Mufunseni mlendo wanuyo. Zimene wanenazi wazimva kwa yani?"

Alamu anati, "Amayi, si izi akuwerenga m'buku?"

Mayi wina wachikulire, namkungwi wamkulu wa m'mudzimo, anaimirira n'kumanga nsalu yake mwamphamvu. Anati, "Buku lanji? Pepala linalowapo m'chikuta? Mzungu wolemba mabuku anagwirapo mwana wa kuno? Izi n'zathu, ndipo mwamuna sangazidziwe popanda womuuza. Uyu wangoika chala papepala kutinamiza, koma mawuwa wawatenga m'nyumba mwake." Atatero anatembenuka n'kuloza akazi anga.

Mwaona mmene zinakhalira. Pabwalo lonse panalibe wina wodziwa zilembo woti n'kuona ngati mawuwo analimodi. Amayi onse anatembenukira kwa akazi anga, ena akuwomba m'manja mwa kudabwa, ena akutukwana chapansipansi. Alamu nthabwala zonse zinawathera. Anandiyang'ana n'kufunsa mwaulemu, koma mawu ali gwa. Anati, "Alamu, tiuzeni chimodzi. Mawu awa ali m'buku la sukulu, kapena achokera kunyumba kwanu?"

Ndisanatsegule pakamwa, akazi anga anadzuka pamkeka, anayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kugwada. Anali munthu wosayankhula pagulu, koma tsiku limenelo mawu awo sananjenjemere. Anati, "Achimwene, musavutike. Ndine ndinawauza. M'bukumo mulibe zimenezo. Iwowa anangosokoneza, aphatikiza za m'buku ndi zomwe ndinawauza ine. Mlandu ndi wanga."

Bwalo linachita phokoso. Namkungwi uja anati, "Mwamva!" Kuseri kwa mpanda apongozi anayamba kulira.

Ine magazi anathamangira kumutu. Sindinaganize kuti n'chifukwa chiyani munthu wosanama ngati ameneyu akunama pamaso pa amake. Chomwe ndinamva ine n'chakuti akuti ndasokoneza, akuti sindiwerenga zomwe zalembedwa, ndipo mkamwini mnzanga uja ali pompo akumva. Ndinadziuzanso kuti ndikupulumutsa mkazi wanga. Ndinaimirira n'kukuwa kuti, "Bodza! Sanandiuzepo kanthu ameneyu. Ine ndimawerenga zomwe zalembedwa, sindiwonjezera!" Akazi anga anandiyang'ana ali chigwadire, n'kupukusa mutu pang'ono, kamodzi kokha. Ine osamva. Ndinatembenuza tsamba kufuna umboni, ndipo umboni unalipo, chithunzi chachikulu chodzaza tsamba lonse, choonetsa zonse. Ndinalitembenuza bukulo n'kuliimika m'mwamba, kuloza kwa amuna, kuloza kwa amayi, kulozanso kumpanda kwa apongozi.

Chithunzi sichifuna wodziwa zilembo. Amuna anabalalika ngati kwagwa njuchi. Amwalimu anachoka osatsazika, nsapato imodzi ili m'manja. Namkungwi anadziphimba kumaso ndi nsalu n'kumangoti, "Ayi, ayi, ayi." Amayi ena anapita kukadzutsa akazi anga, kuwasasa fumbi m'maondo, kuwapepesa kuti tinakunamizirani.

Alamu anatsala atakhala pomwepo. Anadikira mpaka phokoso litatsika. Kenako anati, "Tsekani, alamu." Ndinatseka. Anati, "Mlongo wanga alibe mlandu, taona tonse. Ndiye kuti mawu aja alidi m'buku. Ndipo mwatiuza nokha kuti zimene timve umu n'zimene mwana akaphunzire." Anayang'ana mwana wanga, amene anali akadali chikumbatire kabuku kake, ndipo ndinaona kuti zikuwawawa. Anati, "Mwana uyu sanapite n'kunsondo komwe. Sapita kusukulu. Ndipo mapepala awa achoke pamudzi pano mawa, onse awiri. Amayi sangagone nawo mudzi umodzi."

Pamenepo ndi pomwe ndinayamba kufotokoza kuti bukulo si la sukulu, ndi la akazi a aphunzitsi, si la ana. Alamu anandiyang'ana mwachisoni. Anati, "Ndiye munanama poyamba paja, kapena mukunama tsopano?" Patapita masiku aphunzitsi aja anabwera okha kudzafotokoza zomwezo, koma anthu anati mwini nsomba sanganene kuti yawola. Madzi akatayika saoleka.

Tsiku limenelo sindinadye. Ndinakhala kuseri kwa nyumba mpaka dzuwa kulowa, ndikumva anthu odutsa akutsitsa mawu akafika pafupi ndi kwathu. Manyazi omwe ndinali nawo anali a chithunzi chija, a apongozi, a amwalimu ndi nsapato yawo. Ndinkaganiza kuti manyazi anga onse ndi amenewo.

M'mawa ndinapeza akazi anga kuseri akuyanika matemba pamphasa. Sanandiyang'ane. Ndinaima pafupi, ndipo pofuna kupeza kanthu kamodzi kabwino m'zonsezi ndinati, "Komabe ndinakupulumutsani. Akanakusalani moyo wanu wonse."

Anapitiriza kumwaza matemba ndi dzanja. Kenako anati, "Bambo ake, mumayesa ine sindinkadziwa zimenezo? Ndinagwada ndikudziwa. Akanandisala, inde. Akanandiseka kuchitsime, sakanandiitananso kunsondo. Ine ndine wamkulu, ndikanasenza. Buku likanakhala loyera, ndipo mwana akanapita." Anasasa manja n'kundiyang'ana koyamba. "Ndinakutsegulirani khomo, inu munangofunika kukhala chete. Kungokhala chete basi. Koma munaopa kuti anthu anena kuti simudziwa kuwerenga."

Sanakweze mawu, sanalire. Akanandigenda ndi chipande zikanandipepukira. Ndinaima pamenepo ngati chitsa, munthu wamkulu, jekete lili pathupi, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawachitepo kwina kulikonse, ngakhale kunkhondo. Jeketelo ndinalivula tsiku lomwelo, ndipo linathera pa kutseka pothontha m'bwato.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinamuphunzitse mwanayo ndekha kunyumba. Ndinayesa kamodzi, padothi, patapita miyezi. Apongozi anaona ali patali, anatuma mawu kudzera kwa alamu, ndipo ndinauzidwa kuti ndisankhe pakati pa zilembo ndi banja. Mkamwini amene waonetsa apongozi ake chithunzi chotere alibenso pakamwa. Ana aamuna omwe anabadwa pambuyo anadzapita kusukulu zinthu zitasintha, koma iye nthawi yake inali itadutsa. Lero ndi gogo, ali kuchilumba cha Chisi komwe anakwatiwa, ndipo pofunika kusaina amadinda chala.

Koma ndibwerere ku m'mawa uja. Nditachoka pa akazi anga ndinakulunga buku lobiriwira m'kansalu kuti lisaoneke, n'kuitana mwana kuti andipatse kabuku kake. Sanakane. Anangopempha kuti akanyamule yekha mpaka padambo. Tinayenda, iye patsogolo ine pambuyo, mafuta a nsatsi a dzulo lake akadali kung'anima m'khosi mwake. Sanafunse chifukwa chake anthu anathawa. Anangomva kuti amjomba akana.

Titafika pamlatho wa mitengo paja, pomwe ankaima masiku onse, anaima. Kutsidya kunkamveka ana akuimba a, e, i, o, u. Anandipatsa kabukuko ndi manja awiri, n'kufunsa kuti, "Ababa, mbuzi ija inafika?"

Ine sindinkadziwa, masamba otsalawo sindinawaone. Ndinakhala pansi pamtengo wa mlathowo. Ndinati, "Bwera, khala apa. Palibe akutiona. Ndikuwerengere kotsalaku, kenako ndikabweze." Ndinatsegula, ndinapeza pomwe tinalekezera, ndinaika chala pansi pa liwu loyamba.

Iye anaika kadzanja kake pamwamba pa tsambalo n'kuliphimba.

Anati, "Ayi, ababa. Munati kumeneko ndikawerenga ndekha."